Khutu la Asiyatu

Ana inu, iwe Chisomo ndi ang'ono ako Yamikani ndi Takondwa, khalani pansi muwerenge izi mpaka kumapeto. Foni ya amayi anu muyambe mwaibweza.

Pa holide yapitayi, tikutonola chimanga pakhonde kuno kwa Kalembo, iwe Chisomo unandifunsa kuti, "Agogo, inuyo ana amakunyansani chonchi, nanga uphunzitsi munaulowera chifukwa chiyani?" Ine ndinakutuma kumjigo pomwe ndowa zonse zinali zodzaza. Agogo anu aakazi anaseka mpaka kutsamwa ndi thobwa. Iwo akuti ndinakuthamangitsa chifukwa ndinalibe yankho. Ndakhala ndikuwatsutsa, koma akunena zoona. Ndiye ndaganiza zolemba, chifukwa ndikamafotokoza pakamwa ndimayamba bwinobwino, pakati ndapsa mtima, pomaliza ndatsala ndekha ndi nkhuku.

Musayembekezere yankho lokoma. Anzanga ena akafunsidwa kumisonkhano ya aphunzitsi amaimirira, kukonza tayi, n'kunena kuti ntchitoyi ndi maitanidwe, kuti anaimva mumtima akadali ana. Mwina n'zoona. Ine palibe anandiitana. Ine ndinkafuna kuyendetsa sitima. Bambo anga akanditenga kupita ku Balaka, ndinkawazemba n'kukaima pafupi ndi njanji kuti ndione munthu amene amakhala kutsogolo kuja, wovala chipewa, chigongono chili pawindo. Munthu ameneyo sankayankhula ndi aliyense. Ankangoliza huta, anthu n'kupatuka. Ndinkaona kuti ntchito yondiyenera ndi imeneyo.

Nditamaliza Folomu 4 ndinabwerera kumudzi ndi satifiketi yosasangalatsa kwenikweni koma yosachititsanso manyazi. Ndinaiika pansi pa sutikesi n'kuyamba ganyu. Ndapalirapo thonje m'minda ya anthu amene sankatha kulemba dzina lawo, ndipo ankandiitana kuti, "A Folomu Folo, mzere uwu mwausiya." Kenako sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, ana anatuluka m'midzi ngati ngumbi mvula itagwa, aphunzitsi anasowa, ndipo aliyense wokhala ndi pepala ankatengedwa. Anatiphunzitsa kwa kanthawi kochepa moti chimene ndinatolapo ndi kagwiridwe ka choko basi. Kulowa kwanga n'kumeneko. Ndinkathawa khasu. Ngati mukufuna yankho lalifupi, ndi limenelo. Koma ine mwini wake silindikwanira, chifukwa limangofotokoza mmene ndinalowera. Silifotokoza chifukwa chake mpaka lero, imvi zili mbuu, ndimadzuka m'mawa kukaima pamaso pa ana a Sitandade 1.

Ananditumiza ku Machinga, kusukulu ina kupitirira Ntaja, njira yolowera kwa Ngokwe. Inu mukapita kwa azakhali anu ku Ntaja masiku ano mumangotsika minibasi, akabaza n'kukuzungulirani, wina wagwira chikwama, wina wagwira mkono. Nthawi imeneyo kunalibe zimenezo. Ndinakwera basi mpaka ku Liwonde, kuchokera pamenepo lole ya matola yomwe inkapita kukatenga matemba, ndipo madengu ake ankanunkha ngakhale anali opanda kanthu. Kuchokera pa Ntaja ndinayenda wapansi, sutikesi pamutu, mphasa kukhwapa, m'manja ayironi ya makala. Ayironi ya makala simuidziwa. Inali yachitsulo, yolemera ngati mwala, pamwamba pake pali katambala kotsekera. Ukaiwala kuuzira phulusa, malaya oyera ankatuluka ndi timabowo. Ndinanyamula imeneyo n'kusiya poto, chifukwa ndinkati mphunzitsi akhoza kugona ndi njala koma asaoneke wamakwinya. Mwaziona nzeru zanga za nthawi imeneyo.

A hedi anali a Magombo, bambo wamfupi, wonenepa, khosi losaoneka, wokonda jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Tsiku loyamba lomwelo ndinawauza kuti popeza aphunzitsi ambiri pasukulupo analekezera Folomu 2 pomwe ine ndinamaliza sekondale, andipatse Sitandade 8. Ndinanena izi mu ofesi, aphunzitsi enawo ali pomwepo.

A Magombo anandiyang'ana kuyambira kunsapato. "A Matiki, muli ndi mawu aakulu," anatero.

"Ndi mmene ndinabadwira."

"Zathandiza. Ku Sitandade 1 kukufunika mawu aakulu. Kalasi yanu ndi mtengo wa mango uwo."

Masiku amenewo Sitandade 1 inali ya aphunzitsi aakazi. Kuika mwamuna kumeneko kunali kumuseka. Ndinatuluka mu ofesimo mtima ukuwira, ndipo ndinalumbira kuti a Magombo ndidzawapezera tsiku lawo. Muzikumbukira zimenezi mukamawerenga zotsatirazi.

Tsopano za khutu. Iwe Takondwa pokakulembetsa sukulu amayi ako ananyamula kabuku kakusikelo, tsiku lako lobadwa lili poyera. Kale ana ambiri ankabadwira kunyumba, ndipo ukafunsa mayi kuti mwanayu anabadwa liti, ankakuuza kuti chaka chimene mtsinje unakokolola mlatho, kapena mapira atangocha. Ndiye panali njira yoyezera. Mwana ankaimirira, kudutsitsa dzanja pamwamba pa mutu, n'kugwira khutu la mbali inayo. Likafika, wakula, alowe. Likapanda kufika, abwerere akasewere. Ndikudziwa kuti Yamikani wayamba kale kuyesa pamene wakhalapo. Njirayi sinali yopusa iyayi. Mwana wamng'ono mutu umakhala waukulu, mikono yaifupi, ndipo akamakula mkono umaupeza mutu. Ifenso tinalowa sukulu choncho, ndipo palibe ankadandaula.

Tsiku lolembetsa ana, mvula itangokhazikika kumene, bwalo linadzaza. A Magombo anakhala pampando pansi pa mango, ine nditaima pambali kufuula kuti mzere uwongoke. Ana anali ochuluka moti a hedi ankangofuna chifukwa chobwezera ena. Zala zikatsala pang'ono, "Chaka chamawa." Mwana akapendeketsa mutu kuti abere, "Chaka chamawa."

Kenako panafika mayi wina wovala mpango wakuda, Abiti Juma, atagwira kamtsikana kowonda, kafupi, dzina lake Asiyatu. Kamtsikanako sikanadikire kuuzidwa. Kanangoima, kukweza dzanja, kulidutsitsa pamutu. Ndinadziwa kuti sikanali koyamba. Zala zinathera pamwamba pa khutu, osaligwira. Kanakoka phewa, mano ali poyera. Osafika.

"Chaka chamawa," anatero a Magombo.

Mayi uja anagwada. Chichewa chake chinali chosakaniza ndi Chiyao, koma chinamveka. "Bwana, chaka chatha munati chaka chamawa. Chaka chinachonso munati chaka chamawa. Mwanache uyu anabadwa mwezi umodzi ndi mwana wa achemwali anga, amene ali Sitandade 3. Anadwala ali wakhanda, kunali njala. Sakula msanga."

"Mayi, njirayi sindinayambitse ine. Taonani anthu kumbuyo kwanuko."

"Mukam'bweza ulendo uno sabweranso. Achimwene anga ku Liwonde akufuna mwana woti aziwalerera khanda. Ndawakaniza, ndawakanizanso. Tsopano sindingathe, ndi eni mbumba."

"Wotsatira."

Apa ndi pamene ndimasokonezeka. Agogo anu aakazi amakonda kuuza anzawo kutchalitchi kuti ndinagwidwa chifundo. Iwo kunalibe, tinali tisanadziwane n'komwe. Chimene ndikukumbukira ine n'chakuti ndinayang'ana mkamwa mwa mwanayo n'kuona kuti mano oguluka aja anatha kalekale, awa anali achikulire. Ndikukumbukiranso kuti ndinayang'ana khosi la a Magombo ndi jekete yawo yothina m'khwapa. Pa ziwirizi, chimene chinayamba kufika mumtima mwanga sindikuchidziwa.

"A hedi," ndinatero ndi mawu anga aja, "inuyo gwirani khutu lanu tione."

Amene anali pafupi onse anatembenukira kwa ine.

"Mwati bwanji, a Matiki?"

"Ndati dutsitsani dzanja pamutu mugwire khutu. Likapanda kufika mubwere chaka chamawa."

Mayi wina kumbuyo anaphulika kuseka n'kudzitseka pakamwa ndi chitenje. Amene sanamvetse anafunsa anzawo, kuseka n'kumayenda mumzere mpaka kumsewu. A Magombo sanakweze dzanja. Anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa akanakalipa.

"Chabwino," anatero. "Mwanayu mukuti ndi wamkulu. Mutengeni. Tsiku lotsekera teremu ndidzabwera pansi pa mtengo uno, ndidzalemba mawu pabolodi, awerenge mokweza ine ndikumva. Akawerenga, akhala. Akalephera, azipita kwawo, ndipo inu musadzabwerenso kwa ine ndi nkhani ya khutu la munthu."

"Adzawerenga," ndinatero.

Ndinalonjeza chonchi ndisanaphunzitsepo munthu aliyense kuwerenga chibadwire.

Kalasi ya pansi pa mtengo inu simuidziwa. Mumadandaula kuti desiki mumakhalapo mopanikizana. Ife bolodi linali thabwa lokhomera pamtengo, ndipo likayera tinkaphwanya mabatire akutha a wailesi, kusinja makala a mkatimo, kusakaniza ndi madzi n'kupaka. Belu linali limu ya tayala la galimoto. Makope anali osowa, ndiye ana ankalemba pansi ndi chala, aliyense kusalaza kadothi kake patsogolo pa miyendo. Mbuzi ikadutsa, ntchito ya mzere wonse yafufutika. Mtambo ukada, sukulu yatha. Ambiri mwa anawo kunyumba ankayankhula Chiyao chokha, ndipo Chiyao changa ine chinali cha pamsika, chogulira matemba ndi kukanganirana, osati chophunzitsira mwana.

Njira yanga yophunzitsira inali imodzi, kufuula. Ndinkaloza pabolodi ndi ndodo, "a, e, i, o, u," ana n'kubwereza mpaka mbalame kuthawa mumtengo. Ankafuula bwino kwambiri. Ukaloza chilembo chapakati osayambira poyamba, ankafuulabe "a" mokondwera. Onse ankafuula kupatula mmodzi. Asiyatu ankakhala kutsogolo, pamene ndinamuika, maso ali pa ine, pakamwa pali potseka.

"Asiyatu, ichi n'chiyani?"

Chete.

"Ndikuyankhula ndi iwe. Pakamwa uli napo?"

Chete. Ndikakweza mawu, ankakweza dzanja pang'onopang'ono n'kuliika pamutu, ngati kuti chimene ndikufuna ine ndi khutu lija. Tsiku loyamba kuchita zimenezo ndinaponya choko pansi n'kukaima kuseri kwa ofesi kudikira kuti mtima utsike. Mtima wanga sutsika msanga, mukundidziwa. Ana anaweruka okha.

Nyengo ya njala inafika. Ana anayamba kuchepa, ena kupita ku ganyu ndi makolo, ena kubwera atangomwa phala la madeya n'kumasinza m'kalasi. Chaka chimenecho mwezi wosala wa Asilamu unagwera nthawi yomweyo. Mayi amene ndinkachita lendi kachipinda kwawo ankanditumizira mbale ya futali, chinangwa chotendera nsinjiro, madzulo alionse pomasula, ine Mkatolika amene sindinasale ngakhale theka la tsiku. Ndinkauza mayiwo kuti asamavutike. Iwo ankati munthu wokalipa choncho ndiye kuti ali ndi njala. Futali ngati ameneyo sindinadyenso. Wa agogo anu aakazi ndi wabwino, musakawauze zina, koma si yemweyo.

Asiyatu sanajombe. Amayi ake ankamuperekeza mpaka pamsewu, ndipo akandiona ankandifunsa ndi maso okha. Ine ndinkayang'ana kumbali.

Tsiku lina ndinayenda m'mizere kuona zimene ana alemba pansi. Ambiri anajambula mazira ndi timitengo. Pa kadothi ka Asiyatu panali zonse zimene zinali pabolodi, mzere ndi mzere, ngakhale "g" wanga wopindika uja amene Chisomo amandiseka naye. Anzake ataweruka ndinamuuza kuti atsale. Ndinati, "Usayankhule. Ungoloza. Ali kuti 'ba'?" Analoza. "Nanga 'mo'?" Analoza. Ndinasakaniza, ndinabwereza, ndinayesa kumupusitsa. Chala sichinaphonye. Mwanayo zilembo ankazidziwa, zinali m'mutu mwake. Koma a Magombo anali atanena kuti awerenge mokweza.

Ndinayesa kutsitsa mawu. Ana inu, kunong'ona kwanga ine ndi kumene anthu ena amati kuyankhula, ndiye sizinathandize kwenikweni. Ndinayesa kumwetulira, mwana n'kuchita mantha kuposa kale. Ndinapita ku Ntaja tsiku la msika kukapempha makatoni m'magolosale, n'kumajambulapo nkhuku, khasu, mbuzi, pansi pake dzina. Kujambula sindimatha. Mbuzi yanga ana ena ankati ndi galu, ena ng'ombe, ndipo panabuka mkangano woti ndinachita kuuletsa ndi ndodo. Koma pokangana pomwepo ena anayamba kuyang'ana zilembo zapansizo kuti adziwe wolondola ndani. Anayamba kuwerenga ine ndisakudziwa, chifukwa maso anga anali pa mwana mmodzi.

Chimene chinathandiza ndinachipeza mwangozi. Tsiku lina titatsala awiri, ndinatopa, ndinamupatsa katoni n'kutembenuka kuyang'ana mtengo kuti asaone nkhope yanga, chifukwa inali itayamba kuipa. Ndili chitembenukire ndinamva kamawu kumbuyo, kakang'ono ngati ka udzudzu.

"Mbu... zi."

Kenako, ngati akudziuza yekha m'chiyankhulo chake, "Mbusi."

Ndinatembenuka n'kufuula kuti, "Eya!" Mwana anadzidzimuka, katoni inagwa, ndipo sanatulutsenso mawu mpaka sabata kutha. Mukuseka. Sekani.

Kuyambira pamenepo tinkatero. Anzake akaweruka, ine ndinkayang'ana mtengo, iye n'kumawerenga kumsana kwanga. Khungwa la mango uja ndinalidziwa ngati chikhatho changa, ndi njira zonse za nyerere zake. Akalakwitsa ndinkaluma lilime. Akakhoza ndinkalumanso lilime. Aphunzitsi anzanga podutsa ankati, "A Matiki, mtengowo wakhoza mayeso?" Sindinkawayankha, chifukwa ndikanayankha mwana akanasiya. Chimene chinkandidabwitsa n'chakuti nkhaniyi inkanditsata kulikonse. Ndikusita malaya, ndikuganiza kuti mawa tiyese mawu ati. Ndili mu Misa, ndikuona zilembo za pakhoma n'kumasankha zimene angazithe. Mukandifunsa kuti ndinkaganizira mwanayo kapena ndinkaganizira nkhope ya a Magombo pa tsiku limene adzamve akuwerenga, ndikuuzani kuti zonse zinali mumphika umodzi. Ndinali nditakonza kale mawu oti ndidzawauze. Ndinkawabwereza panjira.

Koma zoona zake zinali izi. Pofika kumapeto kwa teremu Asiyatu ankawerenga monong'ona, pokhapokha pasakhale munthu wina, pokhapokhanso ine ndiyang'ane kumbali. Pamaso pa munthu wa jekete amene anam'bweza chaka ndi chaka, sindinkadziwa kuti zidzatha bwanji.

Tsiku lotsekera linafika chimanga chitakhwima, ana akutafuna misinde panjira, nkhope zitayamba kubwerera. Ndinapaka bolodi makala atsopano, ndinasita malaya. Abiti Juma anabwera n'kukhala pamuzu wa mango, pambali pawo pali kamtolo komanga m'chitenje. Ndinawafunsa kuti n'chiyani. Anati ndi zovala za mwana. Achimwene awo anali atanena kuti akalephera asabwererenso kunyumba, akakwere lole ya ku Liwonde tsiku lomwelo.

Tinasonkhana pabwalo, a hedi analengeza zotsatira za makalasi, analangiza ana kuti asakabe nzimbe za eni pa holide, tinapemphera, belu linalira. Ana anabalalika. Ine ndinabwerera pansi pa mtengo kukadikira, Asiyatu ataima pafupi ndi amayi ake. Ndikuyang'ana, ndinaona a Magombo atuluka mu ofesi, akhoma chitseko, amanga chikwama pakaliyala ya njinga yawo, n'kuyamba kuikankha kulowera kumsewu. Kumtengo sanayang'aneko.

Ndinawathamangira. "A hedi, mwaiwala."

"Ndaiwala chiyani?"

"Mwana uja."

Anaima. Anatembenuka n'kuyang'ana kumango kuja, kumene kunali anthu awiri okha ndi kamtolo. Anayang'ana nthawi yaitali ndithu. Kenako anandiyang'ana ine.

"Mwana uti, a Matiki? Pasukulu pano pali ana ambiri."

Mawu anali kale pakamwa: wa khutu uja, bwerani mudzamve. Teremu yonse ndinayang'ana mtengo chifukwa cha mphindi imeneyi. Ndinatembenuka kuti ndimuloze. Asiyatu anali ataona kuti a hedi akumuyang'ana, ndipo anali atabisala theka kumbuyo kwa amayi ake, chitenje chawo atachigwira ndi manja onse. Mwina akanawerenga. Ndimaganizabe kuti mwina akanawerenga. Koma akanapanda kutulutsa mawu, a Magombo sakanachitira mwina pamaso panga, mawu awo anawanena pagulu, ndipo kamtolo kaja kakanakwera lole. Ndikangotseka pakamwa, palibe womuthamangitsa. Kungoti a Magombo sadzamva, ndipo mawu anga okonzakonza aja adzaolera m'mimba.

Ana inu, ine kutseka pakamwa sindinazolowere. Zinandipweteka ngati kumeza munga wa nsomba.

"Palibe, a hedi," ndinatero. "Ndasokoneza."

"Mumasokoneza kawirikawiri," anatero. "Holide yabwino." Anakwera njinga, jekete ikuthina kumsana, n'kumapita.

Mpaka lero sindikudziwa ngati anaiwaladi. Munthu amene anali ndi sukulu yodzaza choncho, denga la kalasi ina litasasuka ndi mphepo, akhoza kuiwala kamtsikana kamodzi. Koma munthu amene wasekedwa ndi bwalo lonse saiwala. Ndiye mwina ankadziwa bwino lomwe, ndipo anachita dala kuti mwana apulumuke popanda iwo kubweza mawu. Kapena ankafuna kuona ngati ndingathe kukhala chete. Kapena ankandilanga, podziwa kuti chimene ndinkafuna n'kuwachititsa manyazi kachiwiri. Tinagwira ntchito limodzi zaka zingapo pambuyo pake, tinakangana pa zinthu zambirimbiri, koma nkhaniyi sitinaitchule. Anamwalira ndisanawafunse. Ndinapita kumaliro awo ndipo ndinakwiya njira yonse.

Nditabwerera pamtengo, Abiti Juma anaimirira. "Aphunzitsi, wakhoza?"

"Teremu ikubwerayi abwere."

"Wawerenga?"

"Ndati abwere, mayi. Kamtoloko kamasuleni."

Anandiyang'ana, kuyang'ananso njinga imene inkazimirira pamsewu. Anati, "Sikomo," n'kusenza kamtolo kaja, mwana patsogolo, kulowera kwawo. Ine ndinatsala ndi bolodi lakuda bii lopanda cholembedwa. Ndinali nditapambana kapena nditagonja, sindinadziwe, ndipo ndinafika kunyumba ndi ukali wosadziwa mwini wake.

Ndikudziwa chimene Chisomo akufuna kufunsa. Iyayi, Asiyatu sanakhale nesi kapena dokotala. Nkhani zotero kafunseni anzanga a matayi aja. Anafika Sitandade 6, anakwatiwa cha kwa Ngokwe. Ndinakumana naye pamsika wa Ntaja zaka zapitazi akugulitsa mpunga, akadali wamfupi, akuwerenga uthenga pafoni. Anandipatsa moni mwaulemu n'kuuza mnzake kuti, "Awa ndi aphunzitsi olusa aja ndinkanena." Ndinamufunsa ngati akukumbukira tsiku lotsekera lija. Anati iyayi, chimene akukumbukira n'chakuti ndinkakonda kuyang'ana mtengo, ndipo ana ankati mutu wanga sukoka bwino. Anandiwonjezera mpunga pang'ono. Basi.

Ndiye kodi zinapindula chiyani? Masiku ena ndimati zinapindula, chifukwa uthenga wa pafoni uja sankapempha munthu kuti amuwerengere. Masiku ena ndimati Sitandade 6 ndi chiyani, akanapita ku Liwonde mwina akanaona zina. Sindikudziwa. Pambuyo pake ndinapita kukoleji ya uphunzitsi, ndinasamutsidwa, ndinabwerera kuno kwathu, ndipo ma hedi osiyanasiyana andipatsapo Sitandade 8 imene ndinkailirira ija. Nthawi zonse ndimakana, ndipo ndimakana mokalipa, iwo n'kudabwa kuti alakwa chiyani. Inenso ndimadabwa. Ana a Sitandade 1 amandinyansadi, Chisomo, sunaname. Mamina, kulira, kunenezana, wina wakodza, wina wameza choko. Ndikaweruka mutu umakhala ukugunda. Koma holide ikatalika ndimayamba kukalipira nkhuku, ndipo agogo anu aakazi amawerenga masiku kuti sukulu itsegulidwe. Ngati amenewa ndiwo maitanidwe, ndiye kuti woitanayo anaitana ine nditayang'ana kumbali.

Chimene ndingakuuzeni motsimikiza ndi chimodzi chokha, chimene ndinaona ndi maso anga. Teremu yachiwiri itatsegulidwa, kunja kukuzizira, ana atakumbatira mawondo pansi pa mango uja, ndinali kulemba pabolodi pamene kumbuyo kunabuka phokoso. Wina ankalongolola mosalekeza, Chiyao chothamanga, kuuza anzake kuti akulemba zolakwika, afufute ayambirenso. Ndinapirira, ndinapirira, kenako ndinatembenuka n'kuyamba kukalipa kuti wolongololayo aimirire, kuno si kumsika, ngati akufuna kuphunzitsa abwere atenge choko. Amene anaimirira anali Asiyatu. Anali atasamuka kutsogolo kuja n'kukakhala pakati pa anzake.

Ndinamaliza kukalipako ndithu mpaka kumapeto, chifukwa ana enawo ankandiyang'ana. Iye anadikira kuti ndimalize, anakhala pansi, ndipo nditangotembenukira kubolodi anapitiriza pamene analekezera.